Chithunzi cha Yesu pa Chambe chija ndi chabodza, tisiye kutumizirana

Abale anga a mu mpingo, ndakhala ndikuzengereza kulemba izi koma zikundidya mumtima. Sabata yatha pa gulupu yathu ya kwaya pa WhatsApp panabwera chithunzi chija cha Yesu ali m'mitambo pamwamba pa Chambe, nsonga ina ya phiri la Mulanje, m'munsi mwake minda ya tiyi yobiriwira, mawu ake akuti tumizani kwa anthu khumi osanyoza. Ma Amen anangoti mbwee, azakhali anga mpaka anandiimbira akulira akuti waona mwanawe, Ambuye ali pakhomo.

Madzulo ake mphwanga wa folomu 4 anabwera kudzatchaja foni kwathu ndiye ndinamuonetsa. Anangochikulitsa ndi zala ziwiri n'kundilozera dzanja la Yesuyo, zala zisanu ndi chimodzi, amayi otchola tiyi m'munsimo wina dengu lamera pamimba m'malo mokhala kumsana, wina alibe ndi nkhope yomwe. Kenako anati amalume tandigawireniko bandulo, analemba timizere tiwiri pa AI, pulogalamu ya kompyuta imene imapanga yokha chithunzi chimene waiuza, madzi a tiyi asanawire n'komwe anali atapanga china, mngelo ataima pa Chitakale pakati pa amayi ogulitsa nanazi. Ndipo anandifunsa mosaseka, anati amalume ngati akuluakulu a mpingo akupusitsidwa ndi kachithunzi aka lero, ine ndidziwa bwanji kuti anthu a zaka 2000 zapitazo sanapusitsidwenso?

Sindinagone bwino tsiku limenelo. Mwana ameneyu ndi wa mlongo wanga, ndamulera ndekha, ndipo funso limeneli tamupatsa ndife ndi ma Amen athu aja.

Zoti diso silinama zinatha abale. Mu Malichi 2023, mwezi womwe namondwe wa Freddy anatikokolola kuno ku Mulanje, Thyolo, Phalombe mpaka ku Chilobwe, dziko lonse linali likutumizirana chithunzi cha Papa Francis atavala chijekete choyera chofufuma, chonsecho chinapangidwa ndi kompyuta. Chimene chimandiopsa ine ndi mbali inayo, kuti tsiku lina munthu adzaona zithunzi zenizeni za matope aja, za miyala ikuluikulu imene inatsika m'phiri n'kukwirira nyumba, iye n'kuti aaa izi ndi za AI. Ife amene tinakumba ndi makasu kufunafuna abale athu tidzamuyankha ndi chiyani? Osati ndi chithunzi china ayi, tidzamutengera kwa anthu amene analipo akawafunse yekha.

Ena mundiuza kuti paja odala ndi amene akhulupirira asanaone. Vesi imeneyi tikuipotoza. Mu 2017 kuno kwathu tinakhulupirira za anamapopa osaona, aliyense amangoti ndamva kwa uje, anyamata anatseka misewu usiku, magalimoto anagendedwa ndipo anthu osalakwa anaphedwa chifukwa chongokhala alendo kapena kunyamula chikwama. Kukhulupirira chilichonse chobwera si chikhulupiriro, 1 Yohane 4:1 akutiuza kuti tiyese mizimu, ndipo a ku Bereya aja anayamikiridwa chifukwa chofufuza m'malemba ngati zimene Paulo amanena zinali zoona. Paulo weniweniyo amamufufuza, ife chithunzi chosadziwika ndi mwini wake yemwe tikuchilambira.

Ndiye Tomasi, wophunzira uja amene Yesu anamuuza mawu amenewa atakayika za kuuka kwake, timamunyoza mopyola. Ndi Tomasi yemweyu pa Yohane 11:16 anauza anzake kuti tiyeni tikafere naye limodzi, sanali wamantha kapena wachibwana. Ndipo taonani chimene anapempha, sanakhutire ndi kungoona nkhope, amafuna mabala, chala chake chilowe pamene panadutsa msomali, kuti atsimikize kuti wayima apayu ndi yemwe uja anapachikidwa osati wofanana naye kapena chizimezime. Masiku asanu ndi atatu anakhala akukayika ali pakati pa anzake, palibe anamuchotsa pa gulu, palibe anamuti wagwidwa ndi chiwanda. Yesu atabwera sanamuthamangitse, anamutambasulira manja. Ngakhale pa Mateyu 28:17, pa phiri paja, alemba poyera kuti ena anakayika. Munthu wopeka nkhani kuti agulitse chipembedzo sangasiye mzere ngati umenewo m'buku lake.

Mawa lake ndinamuitana mphwanga tinakhala pakhonde. Ndinamuuza kuti chikhristu sichinayambe ndi chithunzi, kunalibe kamera, chinayamba ndi mboni zokhala ndi mayina zoti munthu amatha kupita kukazipanikiza ndi mafunso. Paulo polembera a ku Korinto, patangopita zaka makumi awiri ndi mphambu zochepa Yesu ataphedwa, anati anaonekera kwa abale oposa 500 nthawi imodzi ndipo ambiri akadali moyo, kunena kwina pitani mukawafunse. Oyamba kupeza manda ali pululu anali amayi, nthawi imene umboni wa mayi sumawerengedwa kwenikweni, wabodza akanaika amuna olemekezeka. Ndipo mbonizo sizinalemere nazo, Yakobo m'bale wa Yohane anaphedwa ndi lupanga ndi Herode. Wopanga chithunzi cha Chambe uja ndani? Sitimudziwa, sanataye kanthu, mwina amangofuna ma like.

Iye anandibweza, anati amalume anthu amafera zabodza tsiku ndi tsiku. Ndinamuvomera, ndi zoona, koma amafera bodza limene anachita kuuzidwa n'kuliyesa choona, pamene awa amanena kuti tinadya naye nsomba yootcha ife eni ake, kukanakhala kupeka iwo ndi amene akanadziwa kuti apeka. Sanandiyankhe. Sindinganame kuti wakhutira, ndipo sindinamukakamize.

Chondipweteka ndi choti achinyamata ngati iyeyu akachoka mu mpingo timati ndi foni, ndi sukulu, ndi satana. Koma mwana amene watigwira kawiri katatu tikutumiza vidiyo yodulidwadulidwa ya mneneri, chithunzi cha Yesu wa zala zisanu ndi chimodzi, ife n'kumamukalipira kuti usayese Mulungu, tsiku lomwe tidzamuuze za kuuka kwa akufa adzaziika mu dengu lomwelo. Mulungu woona safuna kuti timuthandize ndi bodza.

Pa gulupu ndinalemba kuti chithunzi chija ndi cha kompyuta, ndinajambulanso mzere kuzungulira zala zija kuti aone okha. Anthu awiri anachichotsa pa status, ambiri anangoti zii, azakhali mpaka lero akundiyankha mwachidule. Mphwanga watenga Baibulo langa lija lachikuto chong'ambika, akuti ayambira Luka chifukwa ndinamuuza kuti iyeyo amayamba ndi kunena kuti anafufuza zonse mosamalitsa kwa amene anaona ndi maso. Loweruka akubweranso kudzatchaja foni, akuti ali kale ndi mafunso anayi.