Chitsulo chikada bii, musafulumire kuomba m'manja

Pa nkhani ya zitsulo zosemedwa timizere tosaoneka ndi maso kuti zizimeza kuwala, ine ndimati kuda kokha si umboni woti ntchito yatheka.

Siliva wopukutidwa bwino amabweza kuwala koposa 95 pa 100. Koma chitsulo chikasemedwa ndi laser ya femtosecond (chida chowombera kuwala kwamphamvu mothwanima kwa kanthawi kochepetsetsa), monga linachitira gulu la Chunlei Guo ku University of Rochester ku America, pamwamba pake pamatsala timizere, timaenje ndi timibulu tochepera maikiromita imodzi (milimita imodzi ili ndi ma maikiromita 1,000), ndipo chimada popanda penti. Kuwala kukalowa m'kadzenje kumagunda khoma ili, kenako ilo, n'kumataya mphamvu. Tiyerekeze kuti khoma likubweza 60 pa 100: kukagunda kasanu, kotuluka sikufika 8 pa 100. Timibulu nato timakola kuwala pogwedeza ma elekitironi ake, zimene akatswiri amati plasmon.

Vuto n'lakuti diso limaona mafunde a kuwala otalika 400 mpaka 700 nm basi (nm ndi nanomita; maikiromita imodzi ili ndi 1,000 nm). Ngati cholinga n'kukolola kutentha kwa dzuwa, chitsulo chiyenera kumeza mpaka cha m'ma 2,500 nm, koma kupitirira apo chizibweza ngati kalilole. Lamulo la Kirchhoff silinyengereka: mafunde amene chinthu chimameza bwino ndi omwenso chimatulutsa bwino. Chitsulo cha madigiri 100 Celsius chimataya kutentha makamaka cha m'ma 8,000 nm. Mukasema maenje akuya, a ma maikiromita makumi, chidzada mokongola ndithu, koma kutentha kudzatulukira pomwe kwalowera. Timizere ndi timaenjeto tikhale tating'ono kwambiri poyerekeza ndi mafunde aataliwo, kuti kwa iwo chitsulo chikhalebe chosalala.

Kayezedwe nakonso kamapusitsa ambiri. Pokhakhala pamamwaza kuwala mbali zonse, ndiye choyezera choyang'ana mbali imodzi chimanena kuti kwamezedwa pomwe kwangobalalika. Pafunika integrating sphere, chida chonga mpira chosonkhanitsa kuwala konse kobwerera. Komanso mukasemera pa mpweya wamba, kuda kwina kumachokera ku oxide (chinthu chonga dzimbiri chopangika chitsulo chikakumana ndi mpweya wa okosijeni), osati ku timizere. Kusemera mu argon, mpweya wosachititsa dzimbiri, kumathandiza kusiyanitsa ziwirizi.

Za kulimba ndiye sazitchula kawirikawiri. Mafuta a chala amatseka timaenje, kupukuta ndi nsalu kumaphwanya timibulu, ndipo kutentha kwambiri kumatimata pamodzi mpaka chitsulo kuyambanso kunyezimira. Wina akakuonetsani chitsulo chakuda, m'funseni galafu ya kuwala kobwerera kuyambira 300 mpaka 15,000 nm, yoyezedwa chitsulocho chisanatenthedwe komanso chitatenthedwa kale pa madigiri amene chidzagwirirepo ntchito.