Inu mukuti vampaya, ife timati namapopa

Loweruka lapitali panatsala pang'ono kuti mwana wa eni ake aotchedwe ine ndikuona, ndipo mpaka lero nsima sikundilowa bwino. Ndiye mundilole ndilankhule. Wokwiya akwiye.

Ndimachokera ku msika wa Nsungwi, kuno ku Area 25, kajumbo ka usipa ndi tomato kali m'manja. Kunali kachisisira, magetsi atathima. Panjira yachidule yopita kwathu pali chinyumba china chimene mwini wake anachisiya pa lintala zaka zapitazo. Ndikudutsa pamenepo ndinangoona kuwala kwa foni. Kuyang'anitsitsa, mnyamata wavala chijasi chakuda chofika m'mapazi, kutentha konseku kwa Okutobala. Kumaso wadzola zoyera kuti mbuu ngati wagona m'chigayo. Mano awiri aatali atulukira kunja, milomo ili psuu. Wakumbatira kamtsikana ka diresi yoyera, iko katsinzina n'kupendeketsa khosi, iye akuweramira pakhosipo. Wachitatu ali chapatali, akujambula.

Sindinaone ndekha. Kumbuyo kwanga kunali mayi wina wogulitsa mandasi, chidebe kumutu. Anangoti, "Mayo ine! Namapopa!" chidebe pansi. Abale, mawu amenewo ndi machesi pa udzu wa chilimwe. Sipanathe mphindi ziwiri anthu anali atadzaza, ena ndi maduka, ena ndi zibonga, ndipo wina ndinamumva ndi makutu angawa akufunsa kuti tayala lili kuti.

Mulungu anatuma bambo wina wa kabaza amene amamudziwa mnyamatayo. Anaimika njinga pakati n'kukuwa kuti, "Abale, tadikirani, mwana uyu ndi wa konkuno, ndimamunyamula popita kusukulu!" Ine ndinataya usipa wanga, kumugwira mwanayo pachijasi, ndati, "Lavula zimenezo, iwe!" Analavula. Mano apulasitiki a m'sitolo. Magaziwo, tomato sosi wa pa tchipisi. Akunjenjemera ngati mwanapiye wovumbwa ndi mvula, n'kumati, "Pepani agogo, timangopanga ya TikTok. Ndi vampaya wachikondi, sapweteka munthu."

Vampaya wachikondi. Ku Malawi kuno. Usiku, magetsi atathima.

Ana inu, mitu ikuyenda bwino? Chimene mwachipatsa dzina lachizungu lonunkhiralo chili ndi dzina lake kuno, ndipo dzinalo laika anthu m'manda. Mu 2017 munali mutabadwa kale, musanamizire. Mphekesera inabuka ku Mulanje ndi ku Phalombe mu Seputembala, n'kufalikira maboma oyandikana, mpaka kulowa mu mzinda wa Blantyre. Anthu osachepera 8 anaphedwa, ndipo anawapha ndi anthu anzawo ongowaganizira. Mmodzi anali mnyamata wodwala khunyu, anamuotcha ku Blantyre. A United Nations anachotsa antchito awo ku Mulanje ndi ku Phalombe. Boma linaletsa kuyenda usiku kumeneko, apolisi anamanga anthu oposa 100, a Pulezidenti Peter Mutharika anachita kunyamuka okha kukakhazika anthu mitima pansi. Ife a zachipatala tinaona nazo zakuda: maambulansi kugendedwa, madokotala kuopa kukoleka pakhosi chida chomvetsera pachifuwa chija poopa kuti anthu ayesa ndi chopopera. Ndi namapopa angati amene anagwidwa ndi chigubu cha magazi? Ngakhale mmodzi. Koma maliro analipo.

Bwererani m'mbuyo. Mu 2002 kulowa 2003, nthawi ya a Bakili Muluzi, zinali zomwezo. Ansembe a Katolika anamenyedwa, a Eric Chiwaya, mkulu wa chipani cholamula mu mzinda wa Blantyre, anagendedwa. Ife a imvi timakumbukiranso za Chilobwe, 1968 mpaka 1970, ine ndili kamtsikana ka ku pulayimale, pamene anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo ndipo manong'onong'o anali akuti magazi akupita ku South Africa kukabweza ngongole ya boma. Dziko lomwelo ndi limene linabwereketsa ndalama zomangira likulu lino limene mukujambuliramo zopusa zanuzi. Bala limeneli ndi lakale, silinapole, inu n'kumalitokosa ndi tomato sosi?

Nditafika kunyumba ndinamukhazika pansi mdzukulu wanga wa Fomu 3. Ndati, tandiuza, zimenezi mukuzitenga kuti? Anayamba ndi kuseka. Kenako ananditsegulira foni. Mafilimu, ena ochita kukaikitsa pa memore kadi kwa anyamata a pamsika aja, ena omasuliridwa kale m'Chichewa ndi nthabwala pamwamba. Nkhani zowerenga pa intaneti zimene amagona nazo m'bulangete mpaka bando itatha. Ine ndimayesa mwana akuwerenga Bayoloje.

Nkhani yake ndi imodzi, amangosintha mayina. Mtsikana wa pasukulu, zaka 17. Mwamuna wooneka ngati mnyamata koma zaka zake n'zoposa 100, wina mazanamazana. Sadya, thupi lozizira ngati mtembo, poti ndi mtembodi. Amalowera pawindo usiku n'kumamuyang'anitsitsa mtsikana ali mtulo. Amamulondola kulikonse. Amamusankhira ocheza nawo. Amamuuza poyera kuti fungo la magazi ake limamupengetsa, tsiku lina akhoza kumupha. Ndipo mtsikanayo m'malo mokuwa kuti anthu abwere, akuchonderera kuti alumidwe, asiye mayi ake, asiye bambo ake, akhale mtembo woyenda mpaka kalekale.

Mdzukulu wanga akufotokoza zonsezi kumaso kukuwala, n'kumati, "Agogo, simukumvetsa. Iyeyo amadziletsa chifukwa amamukonda." Ha! Ndiye tizimuombera m'manja poti lero sanamuphe?

Tandiuzani, munthu wa zaka 100 wofuna mwana wa zaka 17 timamutcha chiyani kwathu kuno? Si chidyamakanda? Wolowa usiku mwakachetechete kumene kwagona mtsikana, si fisi? Tavutika zaka zingati kuthamangitsa afisi m'midzi mwathu? Mu 2015 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo loti ukwati uziyambira zaka 18. Mu 2017 anakonzanso malamulo aakulu oyendetsera dziko kuti aliyense wosafika zaka 18 ndi mwana. Inkosi Kachindamoto ku Dedza inathetsa maukwati a ana mazanamazana n'kubweza atsikana kusukulu, ikutukwanidwa, ikuopsezedwa. Ndiye fisi yemweyo wangodzola phauda n'kuvala jekete yachikopa, mwamutsegulira windo nokha?

Musandiuze kuti zimathera pafoni. Pitani ku Bwandilo Lachisanu usiku mukaone magalimoto a magalasi akuda ndi misinkhu ya ana amene akutsikamo. Mtsikana amene wakula akumeza zoti mwamuna weniweni ndi wamkulu, wachinsinsi, wandalama, woopsa pang'ono, mukuganiza kuti akakumana ndi bambo wa galasi lakuda adzathawa? Akamuuza kuti ndipatse foni yako ndione, kwa anzako usapitenso, ukandisiya ndikupha, adzathamangira kupolisi? Adzati ndapeza wanga wa mufilimu. Ndasokapo milomo ya amayi ambiri pa moyo wanga, ena diso litatsekeka, ndipo nyimbo yawo inali imodzi: amandimenya chifukwa cha nsanje, nsanje n'chikondi. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tsono za magazi. Apa pokha musanditsutse, chifukwa ndagwira unamwino zaka zoposa 30, zambiri mwa izo ku chipinda chochirira amayi. Munthu wamkulu ali ndi magazi ongokwana malita 5. Mayi akataya opitirira theka la lita pochira, anamwino timayamba kuthamanga. Ndaimapo pambali pa bedi ndikuona mayi akuyera m'manja, akuyera m'maso, milomo ikuchita mbuu, thupi likuzizira, khanda likulira pambali, ife tikudikira paketi imodzi yokha ya magazi. Kuyera kumene mukudzola ndi phauda n'kumati n'kukongola, ine ndimakudziwa bwino. Ndi nkhope ya munthu amene akutisiya.

Paketi imeneyo sigwa kumwamba. Munthu amapereka pafupifupi mamililita 450 pa ulendo umodzi, ndipo a Malawi Blood Transfusion Service amadalira kwambiri ana a sukulu ngati inu nomwe, n'chifukwa chake sukulu zikatsekera magazi amachepa m'zipatala. Mphekesera ya anamapopa ikangobuka, ndani angalole kuti galimoto yotolera magazi iime pamudzi pake? Ndi kholo liti lingalole mwana wake kutambasula mkono? Ndiye kavidiyo kanu kaja kakalowa pa WhatsApp, wina n'kuchotsa kanyimbo kachikondiko, n'kulemba pamwamba kuti anamapopa afika ku 25, pofika mawa kali ku Mitundu, ku Nathenje, ku Kasiya, mukuganiza kuti akafe ndani? Inu muli pabedi mukuwerenga malaiki. Akafa ndi mlendo wotsika basi usiku ndi chikwama, wofunsa njira. Akafa ndi wodwala misala woyendayenda. Akafa ndi mayi wa ku Bwaila amene paketi yake sinabwere.

Ndamvanso, ndipo amene anandiuza si munthu wabodza, kuti ena mwayamba kudzicheka pachala ndi lezala n'kumanyambitsana, ati pangano la chikondi chosatha. M'dziko limene tinaika abale athu m'manda motsatizana m'ma 1990? HIV inatha liti, mundiuze tsiku lake? Nanga matenda a chiwindi aja a hepatitis B, sayenda m'magazi momwemo? Ena n'kumalumana pakhosi mpaka kusiya mabala, Lamulungu kubwera kutchalitchi atakulunga sikafu dzuwa likuswa mtengo, n'kumayesa amayi a mvano ndi akhungu. Bala la mano a munthu limatukusira msanga, funsani aliyense amene anagwirapo ntchito yotsuka mabala.

Mwana wanga wamwamuna, amene anawerenga kuposa ine, akuti ngakhale kwa Azungu komweko sizinayambe chonchi. M'buku la Dracula limene Bram Stoker anatulutsa mu 1897, chinthucho chinali chilombo, anthu ankachisaka kuti achiphe. Ndi a masiku ano ofuna ndalama za atsikana amene anachisambitsa, kuchipesa tsitsi, n'kuchisandutsa mkamwini. Kwawoko mwina zilibe kanthu, izo n'zawo. Kwawo mwana akavala mano apulasitiki pa 31 Okutobala amamupatsa maswiti. Kuno amamuveka tayala.

Ndikudziwa kuti muziti agogo ndi achikale, izi ndi nthano chabe. Nthano mukundiphunzitsa ine? Ife tinakulira pa "Padangotero", "Tili tonse", moto uli pakati. Inalipo ya mtsikana wonyada amene anakana anyamata onse a pamudzi n'kulola mlendo wokongola wosadziwika kwawo. Atafika ku ukwati anapeza kuti usiku mwamunayo amasanduka fisi, akuitana anzake kuti adzadye, ndipo anapulumutsidwa ndi kamlongo kake kamene ankakanyoza. Ndi nkhani yomweyi imene muli nayo pafoniyo. Kusiyana kwake n'kwakuti agogo athu sanamalizepo ndi kuti mtsikanayo anapempha kusanduka fisi, n'kukhala mosangalala kuphanga.

Makolo anzanga, inunso muli m'madzi omwewa. Bando amagula ndani? Mano aja anagulidwa ndi ndalama ya ndani? Mayi ake a mnyamatayo anabwera Lamulungu madzulo kudzandithokoza, misozi ili chuchuchu, n'kumati, "Amayi, ine sindimadziwa chilichonse." Ndinawalandira bwino, ndinawapatsa mpando, koma mumtima ndimati, mwana kutuluka pakhomo ndi chijasi cha ku kaunjika mwezi wa Okutobala, thumba la phauda m'manja, inu osafunsa kuti ukupita kuti? Ndipo sindikudzichotsa. Wa Fomu 3 uja amagona chipinda choyandikana ndi changa.

Inu a maduka ndi zibonga, musaganize kuti ndakuiwalani. Amuna aakuluakulu a ndevu zawo, kuthamangira kukapha mwana chifukwa mayi wa mandasi wakuwa? Palibe ndi mmodzi yemwe anafunsa kuti ndiwe yani, kwanu n'kuti. Polisi ya Kanengo ili patali bwanji? Bambo amene mumafunsa za tayala, mawu anu ndinawazindikira, timakumana pa maliro a m'dera lino ndipo mumayambitsa nyimbo ndinu. Mukanamupha mwana uja bwenzi lero mukudya mgaiwa ku Maula, ana anu akupempha ufa kwa aneba.

Ndimati mwina mantha a tsiku lija awaphunzitsa. Dzulo mdzukulu wanga wandionetsa. Kamnyamata kojambula kaja sikanazimitse foni, kanajambula chipwirikiti chonse, ndipo kaika pa intaneti. Muli mayi wa mandasi akukuwa, muli maduka, muli ine ndemwe ndikukoka chijasi, mpango utagwa. M'munsimo anthu akuseka, ena akupempha gawo lachiwiri.

Mano aja ndinatola, ali m'kabati mwanga. Mwini wake akawafuna abwere ndi bambo ake. Ndipo iwe wojambula, kwanu ndikukudziwa, agogo ako ndinayimba nawo kwaya. Fufuta zimenezo lero lomwe, ndisachite kubwera.