Bwanji mudikira mpaka madzi afike m'khosi?

Ndatopa nazo zipani zomwe zimaona bwinobwino kuti munthu wawo wafooka koma n'kumangomuombera m'manja mpaka chisankho chitayandikira. Taonani zomwe chinachita chipani cha Democratic ku America mu 2024. Munthu wawo, Pulezidenti Joe Biden, anali ndi zaka 81. Kodi ukalamba unamugwera usiku umodzi wa pa 27 June, pomwe mawu ankamuthawa pa mtsutso wake ndi Donald Trump ku Atlanta? Anthu wamba anakhala akudandaula za msinkhu wake kwa miyezi yambiri, akuluakulu a chipani ali duu, osafuna kumva.

Mapulaimale anachitika, anthu oposa 14 miliyoni anamuvotera Biden. Kenako pa 21 July mkuluyo analengeza kuti saimanso. Nanga mavoti onsewo anapita kuti? Ndani anabwerera kwa anthuwo kukawafunsa amene akumufuna? Palibe. Kamala Harris, yemwe anali wachiwiri kwa Biden, anangosenzetsedwa katundu yense, kutatsala masiku 107 okha. Masiku 107 oti apeze womutsatira, ayendere dziko lalikulu chonchija, afotokoze mfundo zake, ayankhenso za kukwera mitengo kwa zinthu komwe kunkapweteka mabanja! Mumayembekezera chiyani? Pa 5 November Trump anapambana.

Kusintha munthu sikulakwa ayi, ndipo Biden anayeneradi kuchoka. Chomwe chimandipweteka mtima ndi mantha a anthu omuzungulira, oteteza mipando yawo. Anali kuti mu April 2023, pomwe Biden ankalengeza kuti aimanso, nthawi yochititsa mpikisano weniweni ikadalipo?