Nanga madokotala a Taylor mwawasiyiranji?

Mwalemba kuti Pulezidenti wa America Zachary Taylor anamwalira pa 9 Julayi 1850 atadwala m'mimba chifukwa cha zipatso ndi mkaka wozizira zomwe anadya pa chikondwerero cha pa 4 Julayi. Koma za madokotala ake simunanenepo kanthu.

Mkuluyu anali ndi zaka 65, akutsegula m'mimba ndi kusanza, madzi akutha m'thupi. Madokotalawo anamupatsa calomel, mankhwala a mercury amenenso amatsegula m'mimba, ndi ipecac wosanzitsa, kuphatikiza opium ndi kwinini. Ngati kuti zimenezo zinachepa, anamutulutsanso magazi. Munthu wouma kale kukamwa, n'kumamukamanso chonchi! Kwa ine, chithandizocho chinafulumizitsa imfa yake.

Chowawa n'chakuti mu 1832 Thomas Latta, dokotala wa ku Leith ku Scotland, anali atathira kale madzi amchere mumtsempha wa gogo wina wodwala kolera, gogoyo n'kutsitsimuka kwa kanthawi. Mliri utatha, njirayo inaiwalika. Lero wodwala wotere timamumwetsa Thanzi kapena kumuika dripi.

Zonena anthu ena kuti anaphedwa ndi poizoni musazitengere. Anafukula mtembo wake mu 1991 ndipo sanapeze poizoni wa arsenic wokwanira kupha munthu.