Ku Chipata anandifunsa za voti yathu, ndinangoti kukamwa yasa

Mwezi wathawu ndinali ku maliro a agogo ku Chipata. Usiku pa siwa, titazungulira moto, amalume amene anayamba uphunzitsi nthawi ya Kaunda ananditembenukira. "Mphwanga, tandiuza. Mu September 2024 mayiko 124 anavota ku United Nations kuti Israel achoke m'malo a Apalestina amene akuwalamulira ndi asilikali. Okana anali 14 okha, ndipo mu Africa monse ndi Malawi yekha amene anakana. Munaganiza chiyani?"

Ndinasowa chonena. Mpaka lero zikundiwawa.

Amalume anatenga kamtengo n'kuyamba kujambula paphulusa. Uku nyanja, uku mtsinje wa Yordano, pakatipa kadziko kochepa kuposa Malawi wathu. Anayambira 1917, pamene Britain inalonjeza Ayuda malo m'dziko limene munali kale anthu. Anafika 1947, pamene UN inati dzikolo ligawidwe pawiri, Aarabu n'kukana. Mu 1948 Israel anabadwa, nkhondo inabuka, ndipo Apalestina pafupifupi 700,000 anathawa kapena kuthamangitsidwa m'midzi yawo. Ena anatseka zitseko n'kunyamula makiyi poganiza kuti abwerera pakatha sabata, makiyiwo lero ali ndi adzukulu awo m'misasa ya ku Jordan ndi Lebanon. Kenako anadula mzere wina: 1967, masiku asanu ndi limodzi okha, Israel watenga West Bank, Gaza, kum'mawa kwa Yerusalemu, Golan ndi Sinai. Sanabise za Ayuda 6 miliyoni amene anaphedwa ku Ulaya, anati munthu wosadziwa zimenezo sangamvetse mantha a Aisraeli.

Kwathu ndani angakufotokozere chonchi? Israel amene timamudziwa ife ndi wa Mose ndi Yoswa basi. Ukangotchula Palestina, wina wayankha kale kuti ndi Afilisti a Goliati, ngati kuti ku Betelehemu kulibe Akhristu achipalestina amene amapemphera Lamulungu ngati ife. Ndamvapo zimenezi paguwa ndi makutu anga.

Kusiyanaku kunayamba kalekale. Nkhondo ya October 1973 itabuka pakati pa Israel ndi mayiko a Egypt ndi Syria, pafupifupi mayiko onse a mu Africa anathetsa ubale ndi Israel poima ndi Egypt. Kaunda anatero. Nyerere anatero. Kamuzu anakana, monga mmene anakanira kusiyana ndi boma la tsankho la ku South Africa. Ndi akatswiri a ku Israel amenenso anathandiza kuphunzitsa a Malawi Young Pioneers. Zambia, Tanzania ndi Mozambique anavomereza dziko la Palestina mu 1988, ife tinachita kudikira mpaka 1998, nthawi ya Muluzi. Anzathu anakula akumva nkhaniyi pamodzi ndi ya ANC ndi ZAPU, omenyera ufulu ali pakhomo pawo ku Lusaka. Ife tinakula tikuuzidwa kuti zakunja si zathu.

Chilungamo chake, a Zambia nawonso asadzitame kwambiri. Chiluba atangolowa mu 1991 anabwezeretsa ubale ndi Israel, ndipo mu 2025 Israel anatsegulanso ofesi ya kazembe ku Lusaka. Ndinawakumbutsa amalume zimenezi, anavomera ndi mutu. Komanso sindingamuloze chala mnyamata wa ku Mchinji amene anakwera ndege kumapeto kwa 2023 kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Kwawo feteleza sagulika, ntchito kulibe, ndiye atani? Mwana wa mchemwali wanga ali komweko, amathyola tomato, ndipo ndalama zake ndi zimene zafolera nyumba ya amayi ake ndi malata. Zimene a Hamas, gulu la zida la Apalestina a ku Gaza, anachita ku Israel pa 7 October 2023, kupha anthu pafupifupi 1,200 ndi kugwira ena, ndi nkhanza zosaneneka, pakati pa ophedwawo panali ophunzira za ulimi ochokera ku Tanzania, ana a anzathu.

Koma kukhala paubale ndi munthu sikutanthauza kumuombera m'manja pa chilichonse. Mozambique, wosauka ngati ife tomwe, anavota ku Security Council, nthambi ya UN yoona za chitetezo, mu April 2024 kuti Palestina akhale membala wa UN. Mwezi womwewo ife tinali kutsegula ofesi ya kazembe ku Tel Aviv, Gaza ikugumulidwa, ana akufukulidwa m'zibuma. Ubalewo sindikuukana ayi. Chikundipweteka n'chakuti dzanja lathu linakwezedwa pamaso pa dziko lonse popanda wotifotokozera chifukwa, ndipo ambirife sitinadziwe n'komwe kuti lakwezedwa.

Kutacha, tikupita kumanda, ndinadutsa pamene panali moto paja. Mapu a amalume anali akuonekabe paphulusa, mzere wa 1967 utapondedwa pang'ono. Ndinaujambula pafoni n'kutumizira mwana wa mchemwali wanga uja. Anandiyankha madzulo kuti munda umene amagwirako uli pafupi ndi malire, ndipo usiku amamva kuphulika, koma palibe anamuuzapo kuti mkanganowo unayamba bwanji.