Mdima wa ku Spain ndi Portugal unandisiyira mafunso

Pa 28 Epulo 2025, nthawi itangopitirira 12:30 masana, magetsi anathima m'dziko lonse la Spain ndi la Portugal, kupatula zilumba zawo, ndipo kwa kanthawi kochepa mdimawo unakhudzanso kumwera kwa France. Sitima zinaima pakati pa ulendo, mafoni anasiya kugwira, ndipo anthu pafupifupi 35,000 anachita kupulumutsidwa m'sitima zimene zinaima m'njanji. Ku Galicia anthu atatu a banja limodzi anafa ndi utsi wa jenereta, ndipo ku Madrid mayi wina anafa pa moto umene unabuka m'nyumba usiku umenewo. Ndikutchula imfazi poyamba chifukwa nkhani ya magetsi ikayamba kukambidwa ndi akatswiri, anthu amene anavutika amaiwalika msanga, pamene iwowo ndi amene ayenera kupatsidwa yankho lomveka.

Nkhaniyi ndakhala ndikuitsatira kuyambira tsiku lomwelo, ndipo maganizo anga ndi akuti anthu amene amakayikira mafotokozedwe a akuluakulu salakwa, koma ambiri a iwo amakayikira pamalo polakwika.

Tsiku la ngoziyo lisanathe, nkhani inali itafala padziko lonse yoti chinachititsa ndi kusintha kwachilendo kwa nyengo kumene kunagwedeza nthambo zikuluzikulu za magetsi. Mawuwa ankati achokera ku REN, kampani yoyendetsa nthambo za magetsi ku Portugal, koma kampaniyo inakana kuti sinanenepo zimenezo. Ena ankati ndi mbava za pa intaneti zotumidwa ndi dziko lina, mpaka khoti lalikulu la Audiencia Nacional linatsegula kafukufuku wake. Nduna yaikulu ya Spain, a Pedro Sánchez, anauza mtundu wawo kuti magigawati 15, omwe ndi pafupifupi magawo 60 pa 100 alionse a magetsi amene ankagwiritsidwa ntchito panthawiyo, anasowa m'masekondi asanu okha, koma chifukwa chake sananene. Munthu wamba akauzidwa kuti chinthu chachikulu chotere changosowa, kenaka n'kupita masabata asanu ndi awiri popanda yankho, n'zosadabwitsa kuti amayamba kudzipangira yankho lake.

Lipoti la boma linatuluka pa 17 Juni, ndipo analiwerenga ndi nduna yoona za mphamvu ndi chilengedwe, mayi Sara Aagesen. Linati panalibe chiwembu cha pa intaneti. Vuto linali lakuti mphamvu yokankha magetsi m'nthambo, imene amisiri amaitcha voltage, inakwera kupitirira muyeso ndipo panalibe makina okwanira oti aibweze m'malo mwake. Mfundoyi ndiyofunika kuimvetsa, chifukwa ambiri amaganiza kuti magetsi amathima pokhapokha akachepa. Makina opangira magetsi ali ndi zodzitetezera zimene zimawachotsa pa nthambo voltage ikakwera kwambiri, kuopa kuti angapse. Koma makina amodzi akadzichotsa, voltage ya m'nthambo zotsalazo imakwera kwambiri, ndiye enanso amadzichotsa, ndipo zimangotsatizana choncho mpaka dziko lonse litagwa. Ku Spain kudzichotsaku kunayambira kumwera, m'zigawo za Granada, Badajoz ndi Sevilla, ndipo theka la ola zisanachitike zimenezi, magetsi anali atagwedezeka kale kawiri m'nthambo.

Kufotokoza kumeneku ndikukukhulupirira, chifukwa kukugwirizana ndi zimene gulu la akatswiri a bungwe la ENTSO-E, lomwe limagwirizanitsa makampani oyendetsa nthambo ku Ulaya, linalemba mu Okutobala 2025. Pamene mtima wanga sukhazikika ndi pa funso lakuti analekerera ndani. Boma linati Red Eléctrica, kampani yoyendetsa nthambo za dziko la Spain, inakonza zoti tsikulo pakhale malo khumi okha a makina akuluakulu ozungulira othandiza kugwira voltage, chiwerengero chochepetsetsa chaka chimenecho chiyambire, ndiponso kuti malo amodzi atanena madzulo a dzulo lake kuti sagwira ntchito, kampaniyo sinapeze ena olowa m'malo. Bomalo linatinso makampani opanga magetsi amene amalipidwa kuti azithandiza kugwira voltage sanachite zonse zimene anayenera kuchita. Tsiku lotsatira lipoti la bomalo, Red Eléctrica inatulutsa lipoti lake lokana mlanduwo ndi kuloza chala eni makina. Eni makinawo, kudzera m'bungwe lawo la Aelec momwe muli Iberdrola ndi Endesa, anabweza chalacho kwa Red Eléctrica. Choncho pa masekondi ochepa omwewo tinalandira nkhani zosiyana kuchokera kwa anthu amene aliyense ali ndi chuma chambiri choti angataye akapezeka wolakwa.

Tiwonjezepo mfundo zina zimene n'zodziwika kwa aliyense. Boma la Spain lili ndi magawo 20 pa 100 alionse a Redeia, kampani imene ndi mwini wa Red Eléctrica, ndipo wapampando wake, mayi Beatriz Corredor, anakhalapo nduna m'boma la chipani chomwecho cha a Sánchez. M'lipoti la boma limene linaperekedwa kwa anthu, mayina ambiri a makampani ndi a malo opangira magetsi anafufutidwa. Sindikunena kuti zimenezi zikutsimikiza kuti wina ananama, ayi. Ndikunena kuti pamene wofufuza ali pachibale ndi wofufuzidwa, ndipo mayina abisidwa, palibe amene ayenera kudzudzula nzika chifukwa chofunsa kawiri.

Komabe sindigwirizana ndi anzanga amene amathamangira kunena kuti kunali chiwembu chobisika, kapena kuti magetsi a dzuwa ndiwo anagwetsa dziko. N'zoona kuti masana amenewo magetsi opitirira theka ankachokera ku dzuwa, ndipo andale otsutsa anagwiritsa ntchito mfundoyi polimbana ndi ganizo la boma lotseka malo a nyukiliya pakati pa 2027 ndi 2035. Koma malamulo a nthawi imeneyo sankapatsa malo a sola ndi a mphepo ntchito yowongolera voltage momwe makina akale amachitira, ngakhale kuti luso lake lilipo, ndipo malamulowo anadzasinthidwa mu Juni 2025, ngozi itachitika kale. Ndiye funso loyenera kufunsa ndi lakuti n'chifukwa chiyani dziko linachulukitsa sola mofulumira chotere koma malamulo oyendetsera nthambo n'kutsalira m'mbuyo kwa zaka zambiri. Funso limeneli limawawa kuposa nkhani ya mbava za pa intaneti, chifukwa yankho lake lili m'maofesi odziwika, m'manja mwa anthu amene amalandira malipiro mwezi uliwonse.

Mbiri imandilimbikitsa kuganiza motere. Pa 14 Ogasiti 2003 magetsi anathima kumpoto chakum'mawa kwa United States ndi ku Ontario m'dziko la Canada, ndipo anthu pafupifupi 50 miliyoni anakhala mu mdima. Maola oyambirira akuluakulu ena a ku Canada ankati chiphaliwali chagwera malo opangira magetsi ku Niagara, ena ankanena za moto pa malo a nyukiliya ku Pennsylvania, pamene a ku New York ankati vuto lachokera ku Canada. Zonsezi zinali zabodza. Lipoti la mayiko awiriwa la mu Epulo 2004 linapeza kuti zinayambira ku Ohio, m'dera la kampani ya FirstEnergy, kumene nthambo zotentha zinalendewera n'kukhudza mitengo imene inali isanadulidwe, pamene makompyuta ochenjeza ogwira ntchito anali atasiya kulira kwa nthawi yoposa ola limodzi popanda wozindikira. Anthu amene anakayikira mawu oyamba aja anali ndi chifukwa, koma chimene chinapezeka sichinali chinsinsi chozama, chinali ulesi pa ntchito wamba yodula mitengo ndi kusamala makina.

Ngakhale nkhani ya ku Kenya ya mu Juni 2016, pamene kampani yopanga magetsi ya KenGen inati nyani anagwera pa thiransifoma pa malo ake opangira magetsi a Gitaru n'kuthimitsa magetsi m'dziko, anthu ambiri anaiseka ngati bodza. Ine ndimakhulupirira kuti nyaniyo anagwadi. Chimene chimandivuta n'chakuti chilengezo chotere chimatchula choyambitsa chaching'ono chimene aliyense angachione ndi maso, n'kusiya funso lakuti nthambo za dziko lonse zinali zofooka motani kuti thiransifoma imodzi igwetse zonse. Mitengo idzakhudza nthambo, nyama zidzakwera mapolo, makina adzawonongeka, ndipo dongosolo lonse la magetsi limamangidwa ndi lamulo lakuti chinthu chimodzi chikafa, zotsalazo zipirire.

Nkhani ya ku Spain imandikhudza monga Mmalawi pa chifukwa chimodzi chenicheni. Ifenso tayamba kuthira sola m'nthambo zathu, monga ku Salima ndi ku Golomoti, pamwamba pa makina a pa Shire a Nkula, Tedzani ndi Kapichira, ndipo ntchito ya nthambo yolumikiza Phombeya ndi Matambo ku Mozambique cholinga chake n'kutilowetsa m'gulu la magetsi la mayiko a kumwera kwa Africa. Spain inadzuka msanga chifukwa inalandira magetsi oyambira kuchokera ku France ndi Morocco, pamene Portugal inayambira pa damu la Castelo de Bode ndi malo a gasi a Tapada do Outeiro, ndipo pofika m'mawa wa pa 29 Epulo pafupifupi aliyense anali atayatsa. Kulumikizana ndi anansi kumathandiza motero, koma kumatanthauzanso kuti tsiku lina vuto lidzayambira m'dziko lina n'kutipeza kuno, monga Portugal inagwera limodzi ndi Spain, ndipo tidzafuna ofufuza amene sadya m'mbale imodzi ndi ofufuzidwa.

Pomaliza pa zonse ndimayang'ana zochita kuposa zonena. Chithimireni magetsi aja, Red Eléctrica, imene imanenetsa kuti sinalakwe pokonza dongosolo la pa 28 Epulo, inayamba kusunga makina a gasi ochulukirapo ali oyaka tsiku lililonse kuti azigwira voltage, ndipo mtengo wake ukulowa m'mabilu a anthu a ku Spain. Ngati makina a m'malo khumi aja anali okwanira, ndikufuna wina andifotokozere chifukwa chake m'mawa mwake anafunika ochuluka.