Chingwe chilipo, koma mlendo sakoka

Kumudzi akamva kuti ndimagwira ntchito ya makompyuta ku Leeds, ku England, amaona ngati mapaundi ndimachita kutola pamsewu. Asiyeni. Ine ndine tester. Anzanga amalemba pulogalamu, ine n'kumaifufuza zolakwika isanapite kwa makasitomala. Amandilipira kuti ndizibwera ndi uthenga woipa, ndiye mukudziwa kale mmene anthu amamuyang'anira munthu wotere.

Kampani yathu, dzina ndisatchule, imapanga pulogalamu yowerengera maola ndi malipiro a anthu osamalira okalamba. Polowera pamangiriridwa satifiketi ya ISO 9001, yotsimikizira kuti kampani imatsata ndondomeko zoonetsetsa kuti ntchito ikutuluka yabwino, m'felemu yonyezimira. Sabata yanga yoyamba anatikhazika pansi n'kutiphunzitsa za W. Edwards Deming, Mmereka amene anakaphunzitsa makampani a ku Japan mu 1950. Mwa mfundo zake 14, ya nambala 8 imati chotsani mantha pantchito, chifukwa munthu wamantha amabisa zolakwika. Anatiuzanso za chingwe cha andon cha m'mafakitale a Toyota, chomwe wantchito aliyense, ngakhale wolembedwa dzulo, amatha kukoka akaona kuti chinachake chalakwika. Ndinalemba zonsezi m'kope ngati mwana wa Fomu 1. Ndinakhulupirira, abale.

Mu Okutobala 2024 ndinapeza bug, kutanthauza cholakwika mu pulogalamu. Kuno, Lamlungu lomaliza la Okutobala, nthawi ikakwana 2 koloko usiku mawotchi amabwezedwa kukhala 1 koloko. Chaka chimenecho linali pa 27. Ndiye munthu wolowa 8 koloko madzulo n'kuweruka 8 koloko m'mawa, usiku umenewo amagwira maola 13, osati 12. Pulogalamu yathu inkangoyang'ana wotchi ya pakhoma, kuchotsera nthawi yolowa pa yoweruka, n'kunena kuti 12. Ola lathunthu lotembenuza agogo pabedi, kusintha zofunda zonyowa, kuthamangira belu, linkasowa ngati silinakhalepo. Malipiro otsikitsitsa a munthu wamkulu nthawi imeneyo anali £11.44 pa ola.

Ndinatsegula tikiti mu Jira, pulogalamu yomwe timalembamo zolakwika ndi ntchito zofunika kugwira, ndinaikamo zithunzi ndi njira yonse yoti aliyense atsate aone yekha. Ndinaipatsa chizindikiro chofiira. Mnyamata wina wolemba pulogalamu anayang'ana n'kunena kuti ndi ntchito ya masiku awiri: nthawi isungidwe mu UTC, nthawi ya dziko lonse yomwe sibwezedwa, basi. Koma release, kutulutsa pulogalamu kwa makasitomala, inali ya Lachisanu, ndipo kasitomala wamkulu anali atalonjezedwa kale batani lake latsopano.

Pamsonkhano wa Lachinayi bwana anandiyamikira kaye. Azungu akayamba ndi kukuyamikira, gwira mpando. Kenako anati vutoli limachitika usiku umodzi pachaka, komanso mu Malichi mawotchi akapita patsogolo anthu amagwira maola 11 n'kulipidwa 12, ndiye zimabwezerana zokha. Ndinafunsa ngati iye akudziwa kuti mayi amene wagwira usiku wa Okutobala ndi yemweyo adzagwire wa Malichi. M'nyumba zosamalira okalamba anthu amasinthana mashifiti, ena amachoka miyezi isanathe. Chipinda chinangoti zii. Kenako tikiti yanga inasanduka yachikasu pamaso panga, n'kulembedwa kuti known issue, vuto lodziwika kale. Mawu awiri amenewa ndi manda, zomwe zalowamo sizituluka.

Anandifunsa ngati ndili womasuka kusaina kuti pulogalamuyo ituluke. Womasuka! Visa yanga ndi ya Skilled Worker, ndipo sponsor wake ndi kampani yomweyi. Akandichotsa, Home Office, unduna woona za ma visa, imandipatsa masiku 60 kuti ndipeze wina wondilemba, apo ayi ndilongedze, ine, akunyumba ndi mwana amene wayamba kale kuyankhula Chingelezi cha ku Yorkshire. Tinalipira £1,035 pachaka munthu wamkulu aliyense kuti tizipita kuchipatala, ndalama yomwe ina tinachita kukongola. Mnzanga wokhala naye desiki imodzi, mbadwa ya konkuno, akhoza kumenya tebulo lero, Lolemba n'kukayamba kwina. Ine chingwe cha andon chija ndikachikoka, mbali inayo chamangidwa m'khosi mwanga. Kwa eni kulibe mkuwe. Ndinasaina.

Chimene chimandipweteka kwambiri n'chakuti dziko lino likudziwa bwino zomwe known issue imachita. Chaka chomwecho nkhani ya Post Office inali pakamwa pa aliyense. Pulogalamu ya Horizon, yopangidwa ndi Fujitsu, inkaonetsa kuti ndalama zasowa m'mapositi pomwe sizinasowe, ndipo pakati pa 1999 ndi 2015 anthu opitirira 900 oyendetsa mapositi anaimbidwa milandu. Ena anamangidwa, ena anagulitsa nyumba kuti abweze ndalama zomwe sanabe. Zinatengera gulu la anthu 555 lotsogoleredwa ndi Alan Bates kupita ku High Court, kumene mu 2019 woweruza anapeza kuti pulogalamuyo inalidi ndi zolakwika. Muofesi mwathu tinkakambirana nkhaniyi pa tiyi, aliyense akupukusa mutu kuti anthu angakhale chete bwanji. Ine ndinkangoyang'ana m'kapu.

Musandimve molakwa, sindikuti mfundozo n'zopanda pake. Kuunikirana code, mayeso ongodziyendera okha usiku uliwonse, kulemba momveka kuti ntchito yatha ikafika pati, zonsezi timachita ndipo zimagwira zolakwika zambiri. Koma makina amagwira zomwe munthu anawauza kuti agwire. Pakafunika munthu wonena kuti ayi, izi sizituluka, amasankha amene ali ndi zambiri zoti angataye, n'kumupatsa cholembera. Ndiye pamsonkhano wa retro, wounikira mmene ntchito yayendera, amatipatsa timapepala tamitundumitundu tomata pakhoma kuti tilembe momasuka zomwe sizinayende bwino. Ine ndinalemba kuti makina a khofi amachedwa.

Akunyumba amagwira ntchito yomweyo yosamalira okalamba, kunyumba ina yomwe imagwiritsa ntchito pulogalamu ya kampani ina. Lamlungu la pa 27 lija anabwera 9 koloko m'mawa, miyendo itatupa, n'kukhala pampando osavula ngakhale jekete. Ndinawafotokozera zonse ndikuwatenthetsera madzi. Sanandikalipire. Anangotulutsa kakope kofiira m'chikwama, momwe amalembamo ola lililonse lomwe agwira, tsiku ndi tsiku, ndi bolopeni.

"Inu bambo ake, mumaganiza kuti ife timadalira makompyuta anuwo?"

Usiku umenewo anali atalemba 13, n'kuzungulizapo kawiri. Mwezi utatha payslip yawo inabwera ndi 12, ndipo zinatengera maimelo atatu kuti ola lija libwere. Ena amene amagwira nawo ntchito sanafunse n'komwe, ma visa awo ali m'manja mwa mwini nyumbayo.

Tikiti yanga ikadali mu backlog, mndandanda wa ntchito zodikira. Mu Seputembala ndinaikweza pamwamba mwakachetechete, Lolemba lotsatira ndinaipeza itabwezedwa pansi, pansi pa pempho loti tisinthe mtundu wa batani lija kuti likhale lobiriwira.